Amuna Anga Pakati pa Matumba a Ufa

Amuna anga atapuma pa ntchito ya njanji, mwana wathu wamkazi wa ku Lusaka anawagulira foni yaikulu, ija yagalasi lokhalokha yopanda mabatani. Ndinamuuza mwanayo kuti wandiputira mavuto. Munthu amene wagwira sipanala moyo wake wonse, akangokhala pakhomo manja amamuyabwa. Anzawo opuma ntchito kuno ku Ngungu, komboni yathu ya m'Kabwe, ankamvera makwaya pa mafoni awo, ena ankakangana za mpira. Anga anatola zawozawo: kujambula chinthu chimodzi kawiri.

Ankachita chonchi. Ankaima motangadza pang'ono, n'kutsamira mwendo wakumanzere, n'kujambula. Kenako ankasamutsira thupi ku mwendo wakumanja, pang'ono chabe, ngati mtunda wa pakati pa diso ndi linzake, n'kujambulanso. Zithunzi ziwirizo ankaziika moyandikana pagalasi la foni, n'kupingasitsa maso ngati munthu amene ntchentche yamutera pamphuno. Ankati akatero, pakati pa ziwirizo pamatuluka chithunzi chachitatu, chakuya, choti munthu n'kupisamo dzanja. Lamulo linali limodzi lokha: pakati pa kujambula koyamba ndi kwachiwiri pasasunthe kanthu, chifukwa chimene chasuntha sichituluka bwino.

Ine chachitatucho sindinkachiona. Ankandikhazika pampando, n'kuimika chala chawo pakati pa nkhope yanga ndi foni.

"Amake mwana, yanganani chala. Osati foni, chala. Manje mwaona vingati?"

"Naona vithunzi viwili, na mudala umozi wamene alibe vochita."

Ankaseka mpaka kutsokomola, ine n'kunyamuka kukaona mphika.

Kumene masewerawa ankandivutitsa kwambiri kunali kogula zinthu. Mwezi ukatha tinkakwera minibasi kupita m'tauni, kusitolo yaikulu, kukagula ufa, shuga, sopo, mafuta ophikira ndi tina tochepa. Ine ndimagula mwachangu. Ndimadziwa chimene ndabwerera, ndimatenga, ndimatuluka. Iwo ankakankha kangolo ka m'sitolo, ndipo ndikacheuka ndinkapeza kangoloko kali kokha, mwini wake ataima patsogolo pa mulu wa kabichi, akutsamira uku ndi uku ngati akuvina nyimbo imene akuimva okha. Ankakonda mabotolo a mafuta chifukwa kuwala kumadutsamo. Ankakondanso mashelefu aatali aja, amene amapita mpaka kukhoma lakutali. Koma chimene ankakonda kuposa zonse ndi kundiimika ine.

"Gwilani botolo so. Osagwedela. Osapuma."

Ine, mayi wamkulu wa mpingo, nditaima pakati pa sitolo ngati chipilala, botolo la mafuta m'manja, anthu akundilambalala ndi tingolo tawo! Amuna angawo ndinkawatukwana chamumtima, nthawi zina ndi pakamwa pomwe. Tsiku lina mlonda wa m'sitolo anabwera n'kuwafunsa m'Chibemba chifukwa chimene ankajambulira katundu wa eni. Ndinati lero awona. Koma iwo anangomugwira paphewa, n'kumuimikira chala. Mlondayo anapingasitsa maso, kenako anafuula kuti, "Yangu!" n'kutambasula dzanja kufuna kugwira kabichi wa pafoni. Zinandipweteka, sindinama. Mlendo wongokumana naye anaona nthawi yomweyo chimene ine, wodya nawo mbale imodzi, ndinkalephera.

Pofika nyengo yozizira ya chaka chimenecho amuna anga anali atayamba kuonda, ndipo chifuwa sichinkawasiya. Tonse tinkati ndi fumbi la Kabwe, pakuti kuno aliyense amatsokomola mphepo ikamawomba kuchokera ku milu ya mgodi wakale. Mwezi utatha tinapita kusitolo monga mwa masiku onse. Titafika pa matumba a ufa, anandipatsa foni.

"Lelo ni imwe. Nikopeniko na ine. Vithunzi vonse ni imwe na kabichi."

Anakonza jekete lawo la kutchalitchi, anawongola chipewa, anaima nji pakati pa milu iwiri ya matumba. Anandikumbutsa za miyendo. Ndinatsamira kumanzere, ndinajambula. Ndikusamukira kumanja, kunamveka mawu kumbali.

"Aa! Zikomo, a kwathu!"

Anali mkulu wa mpingo wathu, bambo wachikulire wa ku komboni ya Makandanyama, wochokera kufupi ndi mudzi wa amuna anga kuchigawo cha kum'mawa. Amene sanakhale m'tauni ya chilankhulo cha eni sangamvetse. Kuno umayenda tsiku lonse ukumva Chibemba, m'basi, pamsika, kuchipatala. Ndiye munthu wamkulu wa kwanu akakulonjera m'chilankhulo cha amayi ako, moniyo sumusiya ali lende, ngakhale kamphindi. Thupi limayankha lokha. Amuna anga, eni lamulo loti pasasunthe kanthu, anavula chipewa, anawerama, n'kutembenukira kwa mkuluyo manja onse awiri atatambasula. Chala changa chinali chitadina kale chithunzi chachiwiri, iwo ali mkati motembenuka.

Moni wa anthu a kwathu ndi ulendo. Anafunsana za thupi, za ana mmodzimmodzi, za mvula ya kumudzi, za amene anamwalira ndi amene akudwala. Ine ndinapereka ulemu wanga, kenako ndinaima pambali ndikuyang'ana nsomba za m'filiji zikusungunukira pa shuga m'kangolo. Mkuluyo atapita, amuna anga anaona zithunzi ziwiri zija n'kupukusa mutu.

"Iyi yaonongeka. Tizachita futi mwezi wa mailo."

Mwezi wotsatirawo amuna anga anali atagonekedwa m'chipatala. Mkulu wa mpingo uja ndiye anatsogola kumwalira, anangogwa m'munda mwake wa masamba. Amuna anga anamva uthengawo ali pabedi, ndipo chinawawawa kwambiri n'chakuti sanathe kukaponya dothi. Iwo anamutsatira kumanda mvula yoyamba isanagwe.

Maliro atatha, abale awo ochokera kum'mawa anakhala pansi kugawa zovala monga mwa mwambo. Jekete lija linapita kwa mng'ono wawo, chipewa kwa mphwawo. Mphwawo yemweyo anatenga foni n'kuyamba kuseweretsa chala pagalasi, akuseka kuti amalume ankajambula kabichi kawirikawiri ngati wina awalanda. Mlamu wanga wamkazi, mlongo wawo wamkulu, amene sitinkamwerana madzi kwenikweni, anamulanda foniyo n'kuiika pamiyendo panga.

"Iyi siyani. Ni ya wamene anali kuimilila m'vithunzi."

Sindinamuthokoze bwino tsiku limenelo.

Zithunzi za amuna anga m'nyumba muno zilimo. Chilipo cha ukwati, chilipo cha tsiku limene anapuma ntchito. Koma zonsezo ndi mapepala, munthu wake ali phwatalala ngati wasitidwa. Ine ndinkafuna china. Ndinkafuna ndiwaone kamodzi kokha mmene iwo ankanenera kuti munthu amaonekera m'chithunzi chachitatu chija: ataima, mapewa ali ndi thupi, kumbuyo kwawo kuli malo. M'foni yonseyo, zithunzi ziwiri za iwo zinali zija zokha za pa matumba a ufa. Ndinkadziwa kuti anati zinawonongeka. Ndinadziuza kuti iwo anali munthu wa njanji, wofuna chilichonse chikhale pa mzere, ndipo chimene iwo ankachitcha chowonongeka mwina kwa ine chikanakwana.

Sindinayambire pa zimenezo, ndinkaziopa. Ndinayambira pa kabichi. M'mawa uliwonse ndikatha kusesa ndinkakhala pakhonde, foni patsogolo, chala changa m'mwamba. Mutu unkandiwawa, maso ankatuluka misozi, koma zithunzi zinkangokhala ziwiri. Mayi woyandikana nane nyumba anandipeza tsiku lina maso atapingasa, chala chili chilili, n'kuthamanga kudzandigwira poganiza kuti magazi andikwera. Mwana wanga pafoni ankati, "Mami, muzaononga menso, siyani." Ndinkamuyankha kuti maso ndi anga.

Kusitolo ndinkapita ndekha tsopano, ndipo kugula kunkatha msanga monga ndinkafunira kale. Palibe chimene chinandisowetsa mtendere ngati changu chimenecho. Kawiri kapena katatu ndinadzidzimuka nditaima pa mashelefu a mafuta, botolo m'manja, mpweya nditaugwira, ndikudikira kuti wina anene kuti basi. Mlonda uja ankandipatsa moni mwaulemu n'kuyang'ana kumbuyo kwanga. Kunyumba nako, masana kukakhala zii, ndinkamva ngati nsapato ikulira pasimenti, kamodzi, kenako kachiwiri, mmene zinkamvekera akamasintha mwendo. Sindinauze aliyense. Ndinkachita mantha, komabe tsiku likadutsa osaimva ndinkakhumudwa.

Zinatheka tsiku limene sindinkayesa n'komwe. Linali Lachinayi m'mawa, magetsi atazima monga mwa chizolowezi, ndipo ndinatulutsa bulauzi yanga yoyera ya amayi a mpingo kuti ndisokerere batani ndisanapite ku mapemphero. Foni ndinali nditaitsamiritsa ku chitini cha shuga pa katebulo ka pakhonde, pagalasi pali matimati awiriawiri amene ndinalimbana nawo m'mawawo mpaka kutopa. Ndinakweza singano pafupi ndi nkhope, ndikusuzumira kabowo kake, ulusi ukukana kulowa. Kuseri kwa singanoyo china chake chinafufuma. Sindinasunthe. Matimati anali atatuluka m'galasi, ofiira, onenepa, lina patsogolo lina kumbuyo, ndipo pakati pawo panali mdima woti n'kulowetsamo chala.

Ndinafuula ndekha pakhondepo ngati mlonda uja.

Ku mapemphero sindinapite. Singano ili m'manja, ndinayamba kutsegula zithunzi chimodzichimodzi. Mabotolo a mafuta anaima ngati makandulo. Mashelefu analowa mkati mwa foni mpaka kutali. Kenako ndinadzipeza ndekha, ine, kambirimbiri: nditagwira botolo, nditagwira sopo, nditakumbatira kabichi, milomo nditaitulutsa ndi mkwiyo. Ndinali nditaima ndi thupi langa lonse, mpata ukuoneka pakati pa mkono ndi nthiti, nsonga ya duku ikulendewera mumpweya. Sindinkadziwa kuti munthu angamuyang'anitsitse mnzake chotero, mnzakeyo akumutukwana. Ndinalira pang'ono, ndinapukuta maso, chifukwa misozi inkabwezera zithunzi kukhala ziwiri.

Dzuwa linali litafika pa masitepe pamene ndinatsegula za pa matumba a ufa. Ndinakweza singano. Ndinatsamiritsa chigongono patebulo.

Sitolo yonse inaima. Matumba a ufa anatupa mbali zonse ziwiri, makona ake akundiloza. Kangolo kathu kanali patsogolo, nsomba zija zili pamwamba pa shuga. Kutali kumbuyo kunali mayi wina wobereka mwana, amene sindimudziwa, ataima bwinobwino ndi thupi lake lonse. Koma pakati, pamalo pa amuna anga, panali pokana kukhazikika. Chipewa chinali kumutu, chinalinso m'manja. Nkhope inkandiyang'ana, yomweyonso inali itatembenuka. Jekete linkaphethira ngati chinthu chimene chili pansi pa madzi, ndipo kudzera pachifuwa pawo ndinkawerenga zilembo za pa thumba la ufa la kumbuyo kwawo. Cham'mphepete munali dzanja la mkulu wa mpingo uja, dzanja lokha lopanda mwini, likubwera n'kuzimirira, likubwera n'kuzimirira.

Ndinatsinzina diso limodzi: anali ataima, akundiyang'ana, akudziletsa kuseka, koma ali phwatalala ngati zithunzi za pakhoma. Ndinatsinzina linalo: anali atawerama, atandipatsa phewa, akupita kukalandira dzanja la munthu amene anawatsogolera kumanda. Ndikatsegula onse awiri, ankasowa pakati pa ziwirizo. Ndinayesa kusendeza foni, kuipendeketsa, kuibweretsa pafupi. Matumba a ufa okha ndi amene ankanenepa.

Ndinkaganiza kuti ndikadzafika pamenepa ndidzalira. Koma chimene chinabwera ndi mkwiyo, weniweni, wotentha, uja ndinkakhala nawo m'sitolo. Ndinaiyang'ana foniyo n'kukalipa mokweza.

"Imwe! Sembe munayembekezako chabe pang'ono!"

Mayi woyandikana nane uja anali akuyanika zovala kuseri kwa mpanda. Anasuzumira n'kundifunsa amene ndinkalankhula naye. Ndinamuuza kuti ndi amuna anga. Anandiyang'ana, anayang'ana mpando wopanda munthu umene unali pambali panga. Anawerama n'kutola chovala china m'beseni.