Tinakajambula Achemwali, Tinabwerako ndi Mawu Anga

Lolemba lapitali, pakhonde pa Che Amadu ku Balaka, tinalipo anthu anayi: ineyo, mwana wanga Yusufu woyendetsa lole uja, mayi ake Abiti Selemani, ndi Che Amadu eni khonde, amene anabwera kuchokera ku Joni ndi katundu wodzadza nyumba. Pamkeka anayalapo makamera awiri a vidiyo, aja ojambula munthu akuyenda ndi kuyankhula.

Nkhani yake ndi iyi. Ku Nsanama kuli achemwali anga aakulu, Abiti Juma. Akalamba zedi, ndipo chaka chino chifuwa chawafooketsa. Ndi iwo okha otsala amene amatha kutchula mayina a makolo athu, kuyambira amene anawoloka kuchokera ku Mozambiki mpaka ife. Ine ndimadziwa asanu, ena ndimasokoneza. Yusufu anati tiwajambule mpweya ukadalipo.

Ndinaloza kamera yaikulu, yonyamula paphewa ngati thumba la feteleza. "Iyi ndiye kamera!"

"Ababa, imeneyo ndi yodula, komanso m'basi tiikhazika pati? Yaing'onoyi ikujambula chimodzimodzi."

Ndinagonja, koma monyinyirika. Che Amadu anatulutsa zina zoyendera limodzi ndi kamerayo: batire lapadera, matepi, chikwama chachikopa, ndi kamaikolofoni ka chingwe chachitali. Pa batire sindinatsutse, poti ku Nsanama kwathu magetsi timangowamva. Tepi yachiwiri ndinavomera. M'thumba munatsala ndalama zokwanira chinthu chimodzi basi: chikwama kapena kamaikolofoni.

"Tengani ka chingweka," anatero Che Amadu. "Mumakapana pa malaya a woyankhulayo. Khutu la kamera limamva amene wayandikira."

Ndinaseka mpaka nkhuku zinabalalika. "Che Amadu, mtundu wathu maikolofoni n'ngwachiyani? Ine ndikaitana munthu ku Rivirivi amayankha ali ku Kalembo!"

Abiti Selemani anangoti, "Amene akukajambulidwa si inu, bambo." Ndinamva? Iyayi. Maso anali pa chikwama. Chikopa chenicheni, zipi ziwiri, lamba wokolekera paphewa.

Ndipo musandiseke msanga, chikwamacho chinagwira ntchito. Lachitatu m'sitima ya ku Liwonde anthu anandipatsa malo poyesa ndine dokotala. Pa mlatho kamera inagona m'katimo phee, pakuti paja sajambulapo, aliyense akudziwa. Fumbi la msewu wa ku Nsanama silinaikhudze n'komwe.

Achemwali tinawapeza pamphasa, atatsamira chipupa. Atamva chimene tadzera anaitanitsa mpango wawo woyera, nati, "Ndiye ndionekemo ngati munthu." Yusufu anagwada patali pang'ono kuti aoneke thupi lonse. Ine ndinaima pambali pa mwana wanga, phewa ndi phewa, monga woyang'anira ntchito.

Anayamba kutchula. Dzina, mudzi, amene anabereka. Pena Chiyao, pena Chichewa, mawu ang'onoang'ono ngati madzi odontha m'mtsuko. Ine mtima unadzadza. Ndiye mukudziwa, mtima wanga ukadzadza umatulukira pakamwa. "Eya! Amenewo ndiye agogo! Nenani achemwali! Kwezani mawu! Yusufu, wawatenga bwino? Mpango ukuoneka?"

Yusufu ankandigwedezera dzanja. Ine ndinkayesa akuti ndiyandikire.

Lachisanu titachoka ku mapemphero a Juma kumzikiti tinabwerera kwa Che Amadu, pakuti ndi okhawo ali ndi sikirini. Chithunzi chinatuluka chokoma, makwinya onse, ngakhale kachipsera ka pachibwano kamene ndinawapatsa ndi legeni tili ana. Milomo ikuyenda. Koma mawu? Ine. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ine ndekha, ngati wogulitsa mankhwala a makoswe pa msika. Mayina a makolo munamveka awiri, pamene ndinkatsokomola.

Che Amadu anayang'ana kudenga. Abiti Selemani anaphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Tsono inu owerenga, makamaka inu obwera ku Joni ndi inu a malole amene mwayamba kugula makinawa, mverani nkhalamba yopsa kale. Yaikulu isiyeni, paulendo idzakuthyolani msana. Batire lachiwiri musalisiye. Koma musanatulutse ndalama, dzifunseni: ndikukajambula ndani? Ngati ndi beni kapena mpira, khutu la kamera likwana. Ngati ndi mayi wokalamba pamphasa, gulani ka chingwe kaja. Kamera mukhoza kuikulunga m'thawulo n'kuiika m'dengu, sidandaula.

Koma vuto ndi kamera yokha kodi? Taonani pa maliro, pa ukwati, pa sadaka. Amaima kutsogolo n'kuyankhula ndani? Ife a mawu aakulu. Nanga amene akudziwa kuti womwalirayu anali mdzukulu wa yani ali kuti? Ali kuseri, akutsuka mbale, kapena pamphasa akutsokomola. Timawafunsa motsitsa, kenako timakafuula ngati nzeruzo n'zathu. Zaka zonsezi palibe anandiuza. Anandiuza ndi makina a ku Joni, opanda ulemu, osadziwa kuti uyu ndi mwini mbumba. Paja amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Yanga yang'ambikira pakhonde la eni ake, Lachisanu masana.

Ndipo chimene chikundiluma si manyazi. Achemwali anayankhula nthawi yaitali tsiku lija, mpaka mpweya unawathera. Kodi mphamvu zoyambiranso adzakhala nazo? Akapanda kukhala nazo, adzukulu athu adzaonera milomo ikuyenda, n'kumamva ine ndikufunsa za mpango.

Pobwerera kunyumba ndinauza Yusufu kuti afufute tepi yonseyo, ndisadzaimvenso. Anandigwira pamkono.

"Iyayi Ababa, sindifufuta. Tsiku lina ana anga adzafuna kumva mmene agogo awo ankagwedezera mudzi. Koma mawa m'mawa tikubwerera ku Nsanama. Inu mukakhale pamphasa, pambali pa azakhali. Akaiwala dzina, muwanong'oneze. Tili ndi usiku umodzi woti muphunzire kunong'ona."