Dzinja Limene Mayi Ankatchedwa Malemu

M'chikwama changa cha mapepala ofunika muli kachithunzi kakang'ono, kopindika m'makona, kamene kayamba kufiira. Pali anthu awiri. Mayi aimirira atavala diresi lawo la kutchalitchi, duku atamanga mpaka pachipumi, maso ali tong'o kwa wojambula ngati munthu amene wabwera kudzapereka umboni. Patsogolo pawo pali ine, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, ka yunifolomu ya buluu ndi nsapato zakuda zonyezimira, katatupitsa masaya. Kumbuyo kwathu kuli chinsalu chojambulidwa nyumba zosanja zimene ku Chitakale kunalibe. Aliyense woona chithunzichi amafunsa chimene chinandikwiyitsa. Ndimangoti nsapato zinkandithina.

Nsapatozo zinagulidwa kumayambiriro kwa dzinja, mvula itangotsitsimutsa tiyi. Mayi ankathyola tiyi ku esiteti ina kufupi ndi kwathu. Bambo anawoloka malire kupita ku Mozambiki ine ndikukwawa, osabwererako, choncho zonse zinali pamutu pa mayi. Ankachoka kunja kusanayere bwino, dengu kumsana, chipepala cha pulasitiki m'chiuno chotchinga mame, n'kubwera madzulo zala zitada bii, zong'alukang'aluka. Loweruka ankaphika nyemba za kalongonda n'kukagulitsa m'mbali mwa msewu. Tinali osauka, koma mayi sankalola kuti umphawiwo uonekere pathupi langa. "Kusauka si litsiro," ankatero, uku akundikwecha zidendene ndi mwala mpaka nditulutse misozi.

Tsiku lina a hedi analengeza pamzere kuti kubwera alendo ochokera ku Blantyre, a kampani yopanga sopo, kudzatiphunzitsa kusamba m'manja. Anati tidzabwere titasamba, titatchena, tisadzawachititse manyazi. Ndinakawauza mayi mawu amenewo monga ndinawamvera, ndipo iwo anawatenga ngati lamulo. Anapita kwa telala kukasoketsa yunifolomu yatsopano, n'kukagula nsapato zija ku Chitakale. Zinali nsapato zanga zoyamba. Sabata yonse ndinkazitulutsa m'pepala, kuzinunkhiza, n'kuzibwezeramo. M'mawa wa tsiku la alendolo mayi anachedwa kuntchito chifukwa cha ine. Anandisambitsa, kundidzoza mafuta mpaka miyendo kuchita kung'anima, n'kundiperekeza mpaka pamphambano, akundichenjeza kuti ndizilambalala zithaphwi.

Mjigo wa pasukulu pathu unali utafa kalekale. Choncho madzi ophunzirira ukhondowo tinakatunga ndife kumtsinje, m'mawa wonse, ndowa pamutu. Alendo anafika dzuwa lili pamutu, pa lole yopakidwa utoto wobiriwira, nyimbo zikugunda. Anatsitsa ndowa zatsopano zokhala ndi timipopi, n'kuzindandalika pabwalo. Anamanga chinsalu chachikulu cha dzina la sopo wawo pakati pa mitengo iwiri ya mango, penipeni pamene chinabisa chimbudzi chathu chopanda chitseko. Fungo lake ndimalikumbukirabe, la sopo wonunkhira mandimu kusakanikirana ndi la chimbudzicho, limene chinsalu sichikanatha kubisa. Tinaimba, tinavina, tinasamba m'manja katatu konse chifukwa wojambula sankakhutira ndi thovu. A hedi polankhula anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tonse tinaomba m'manja.

Pakati pa alendowo panali mayi wina wa magalasi akuda ndi zikhadabo zofiira, amene ankayenda m'mizere yathu akutiyang'anitsitsa ngati akusankha nkhuku pamsika. Atafika pa ine anaima, n'kundigwira chibwano. Ndinali nditagweka mano awiri akutsogolo, ndipo ndikamwetulira anthu ankaseka. Anauza aphunzitsi athu kuti nkhope ndi yomweyi, koma mwanayu watchena kwambiri. Ananditengera kuseri kwa kalasi. Anandivula yunifolomu, n'kundiveka diresi la mnzanga wina, lothothoka mabatani, long'ambika paphewa. Anandivula nsapato ndi masokosi. Poona kuti miyendo ikung'animabe, anandiuza kuti ndiponde m'matope ofiira a pamene tinkasambira m'manja paja, ndidzipake mpaka m'maondo. Aphunzitsi anagwirizira nsapato zanga, maso atayang'ana kuphiri.

Lero ndikaganiza za manja a zikhadabo zofiira aja akumasula mabatani a yunifolomu imene mayi anaithyolera tiyi pamvula, ndimapsa mtima. Koma tsikulo ndinasangalala zedi. Pa ana onse a pasukulupo anasankha ine. Anandikhazika pa chitsa, kundipatsa sopo kuti ndimugwire ndi manja awiri pachifuwa, n'kumandiuza kuti ndiseke, ndiyang'ane kumwamba, ndisekenso. Atatha anandipatsa siwiti. Madzulo alendo anakweza ndowa zawo zonse mu lole, chifukwa mawa lake zinkafunika kusukulu ina ya ku Thuchila. Anatisiyira imodzi, ndi kasopo kamodzikamodzi kochepa ngati bokosi la machesi. Ine ndinatsuka miyendo kumtsinje, kuvala yunifolomu ndi nsapato zanga, n'kubwerera kunyumba. Mayi sindinawauze za diresi lija. Sikuti ndinkabisa, ndinangoona kuti nkhani yaikulu inali siwiti.

Khirisimasi itayandikira, makalendala a kampaniyo anafika m'magolosale. Inali kalendala ya pepala limodzi, miyezi yonse m'munsi, chithunzi chachikulu pamwamba, yosatembenuza chaka chonse. Pachithunzipo panali ine. Mano ogweka, phewa pamtunda, matope mpaka m'maondo, sopo pachifuwa, phiri lathu kumbuyo. Pansi pake panali mizere iwiri ya Chingerezi. Anzanga anabwera akuthamanga kudzandiuza, ndipo ndinayenda mtunda wonse mpaka ku Chitakale kukadziona ndekha. Ndinali m'golosale iliyonse, ngakhale m'nyumba yometera. Bambo wina wachikulire wachisilamu, mwini golosale ya pafupi ndi pokwerera minibasi, anandizindikira n'kundipatsa imodzi. Ndinaipinda bwinobwino, kuibisa m'malaya kuopa mvula, ndipo nditafika ndinaikhoma pakhoma ndi minga.

Mayi atabwera kuntchito anaima pakhomo dengu likadali kumsana, maso ali pakalendalayo. Anafunsa funso limodzi lokha, loti nsapato zinali kuti. Ndinafotokoza zonse, mokondwa, mpaka za siwiti. Sanandimenye, ndipo zimenezo zinandidabwitsa. Anangokhala pamphasa, n'kumayang'ana manja awo.

Mayi sankadziwa kuwerenga. Amene anawerenga mizere ija ndi amalume, mlongo wawo wamng'ono, amene ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula ndipo Chingerezi anachitolera komweko. Anabwera Lamulungu, nawerenga chamumtima, milomo ikugwedera. Kenako anati, "Achemwali, apa akuti inu munafa." Mayi atawauza kuti asiye zachibwana, amalume anamasulira liwu ndi liwu. Panalembedwa kuti mwana uyu alibe mayi, alibe bambo, ndipo aliyense wogula sopo ameneyu akumupukuta misozi. Mayi anatukwana m'Chilomwe, chinenero chimene ankachisungira pemphero la matenda ndi mkwiyo waukulu. Anazula kalendala ija pakhoma, n'kuiponya pamoto. Ndinalira ngati ndaferedwa.

Kwathu kunena munthu wamoyo kuti anafa si nkhani yamasewera, kuli ngati kumuitanira imfa. Koma anthu ndi anthu. Ana a sekondale anawerengera makolo awo, ndipo pasanathe sabata nkhani inali m'kamwam'kamwa. M'mizere ya tiyi anzawo anayamba kuwapatsa moni woti, "Mwadzuka bwanji, malemu?" Poyamba kunali kuseka chabe. Kenako kunabwera zoipa kuposa pamenepo. Ena anati munthu sangalembedwe pakalendala ulere, ndiye kuti mayi anadzipha okha papepala kuti adyepo. Ena anati onani mwana mmene amakhalira mayi ake akakhala kulibe, zonse zija n'zongodzionetsera Lamulungu. Kutchalitchi amayi anzawo anasiya kuwatuma kukaona odwala. Pamsewu kalongonda wawo ankabwerako osagulidwa. Mayi, amene ankayenda khosi lili chilili ngakhale atasenza mtolo wa nkhuni, anayamba kudzera njira za kuseri kwa minda.

Anapita kusukulu kukafunsa. A hedi anati iwo sankadziwa kuti zithunzizo zikupita kuti, ndipo anawapempha kuti asakulitse nkhani, chifukwa kampaniyo inalonjeza kudzakonza mjigo. Mjigowo sunakonzedwe mpaka ndinachoka pasukulupo. Aphunzitsi anga aja anatuluka m'kalasi, n'kuwagwira mayi dzanja ndi manja awiri, n'kubwerera m'kalasimo. Sindiwada. Anali munthu wamng'ono pakati pa anthu a lole. Amene ndimanyansidwa nawo ndi aja anakhala muofesi yozizira, n'kuona nkhope ya mwana wa munthu, n'kuganiza kuti sopo ayenda bwino mayi ake akafa.

Amalume analemba kalata ku kampaniyo. Analemba mwaulemu, papepala long'amba pakati pa kope langa, kuti mwanayu mayi ake ali moyo, amagwira ntchito, ndipo akupempha kuti makalendala achotsedwe. Patapita masabata angapo, lole yogawa sopo m'magolosale inasiya katoni kusukulu. Ana awiri a m'kalasi la akuluakulu anaisenza kudutsa m'mudzi monse mpaka pakhomo pathu, anthu akuonerera. Pamwamba pake panamatidwa kapepala. Amalume anakawerenga, nakawerenganso, kenako anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Panalembedwa kuti ndi mphatso yopita kwa wosamalira mwana wamasiye uja, pomuthokoza chifukwa cha mtima wake wabwino.

Kunyumba kwathu sopo ankatha mwezi usanathe, ndipo timapisi totsala mayi ankatiumba pamodzi m'kansalu. Katoni imeneyo ikanatifikitsa chaka china. Mayi anaisenza osaitsegula, n'kukaitula pakati pa msewu wa m'mudzi, mvula ikuyamba kuwaza. Katoni inanyowa n'kuphwasuka. Ndinaima pakhonde kuonerera thovu loyera likutsetsereka m'ngalande ya matope ofiira, fungo la mandimu lili ponseponse. Anthu omwe aja ankati mayi anadyapo anatuluka m'nyumba zawo, zitenje kumutu, n'kumalimbirana sopo m'matopemo. Ndinafuna kuthamangira ngakhale mmodzi yekha, koma mayi anandigwira dzanja.

Lolemba lotsatira sanapite kuntchito, chinthu chimene sankachita ngakhale akudwala malungo. Anandisambitsa, kundikwecha zidendene, kundidzoza mafuta, kundiveka yunifolomu ndi nsapato. Iwo anavala diresi la kutchalitchi. Tinayenda wapansi mpaka ku Chitakale, kwa wojambula zithunzi kuseri kwa msika. Mvula inali itagwa m'mawa, ndiye pamalo a matope mayi ankandinyamula, msinkhu wonsewo, kuti nsapato zisade. Wojambulayo anati tiseke. Mayi anakana, nati sanabwerere zoseka. Anamuuza kuti aonetsetse kuti mapazi a mwana atuluke, ndipo atsuke zithunzi ziwiri.

Titakazitenga patapita masiku atatu, tinalunjika kugolosale ya bambo achikulire aja. Mayi anawapatsa moni mwaulemu, n'kutulutsa chithunzi chimodzi. "Bambo, ine ndine mayi wake wa mwanayo. Ndili moyo." Bamboyo anayang'ana chithunzicho, kuyang'ana mayi, kenako kalendala. Anati kalendala sangaichotse, chifukwa a lole amaiyang'ana akabwera ndi katundu. Koma anatenga singano pa shelefu, n'kubaya kachithunzi kathu pamwamba penipeni pa mizere ya Chingerezi ija. Kanakhala pamenepo chaka chonse. Inali golosale imodzi yokha. Makalendala ena anali paliponse pamene lole ija inkafika, ndipo m'menemo mayi anakhalabe akufa mpaka chaka chinatha.

Panopa ndili ndi okala yangayanga ku Thuchila. Sopo ameneyo ndimagulitsa, ndisaname, chifukwa ndi amene anthu amafunsa, ndipo nanenso ndili ndi ana ofuna nsapato. Ndikamamulandira pa lole ndimamva ngati ndagwira chinthu chowola. Chaka chilichonse amandisiyira kalendala, ndipo nthawi zambiri pamakhala mwana wina wosavala nsapato, akumwetulira. Ndimayang'anitsitsa maondo ake kuti ndione ngati matopewo ndi odzipaka. Kalendalayo ndimakulungira usipa.

Mayi anamwalira ndili ndi mwana woyamba, ndipo chithunzi chachiwiri chija ndi chokhacho chimene anajambulitsa moyo wawo wonse. Si nsapato zimene zinandikwiyitsa tsiku limenelo. Ndinali ndikadanyanyalira kalendala yanga imene anaitentha. Tikuchokera kugolosale kuja ndinawauza, mosabisa mawu, kuti chithunzi chawocho n'chaching'ono, n'chosakongola, ndipo cha a kampani chija ndiye chinali chabwino chifukwa ndinalipo ndekha. Mayi anaima pamsewu n'kundiyang'ana. Kenako anawerama, n'kupukuta dontho la matope pansapato yanga ndi nsonga ya chitenje chawo.

Pachithunzipo dzanja lawo lamanja lili paphewa langa, zala zakuda zija zitalowerera m'nsalu ya yunifolomu mpaka kuikwinya. Anandigwira choncho kuti aliyense woona asafunsenso kuti mwanayu ndi wa yani. Ine ndinkangoti akundipweteka, ndipo ndinkayesetsa kuti ndichotse phewa.