Chigalimoto cha a Ndionekaye

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense amangoti a Ndionekaye, chifukwa mawu amenewa sachoka pakamwa pawo. Mukawagulitsa babu, amati aone kaye ngati akuyaka. Mukawauza kuti kunja kukugwa mvula, amatsegula zenera n'kutulutsa dzanja. Akuti ngakhale tsiku limene mwana wawo woyamba anabadwa, anamwino atawauza kuti ndi wamkazi, yankho linali lomwelo.

Khalidweli silinabwere lokha. Bambowa anayendetsa malole kuyambira tsitsi lili bii mpaka kuchita imvi, ndipo pamsewu anaona zambiri: dizilo wothira parafini, tayala lotha lojambulidwanso mizere ndi mpeni n'kulipaka polishi, makaniko wochotsa chitsulo chamoyo n'kuikamo chakufa mwini galimoto atangopita kukamwa tiyi. Atapuma pantchito anatsala ndi msana wopweteka komanso lamulo limodzi: osagula zinthu ziwiri kwa munthu mmodzi.

"Wokubera akubere kamodzi," ankatero. "Kachiwiri ndiye kuti wadzibera wekha."

Chaka chimene anasiya malole, anakoka kubwera nacho pakhomo chigalimoto chakale cha m'tchire, chija chokoka ndi matayala onse anayi. Chinali chitakhala pamiyala kuseri kwa galaja ina mpaka udzu kumera m'mipando. Injini inalimo, giyabokosi inalimo, koma zitsulo za pansi anthu anali atazulazula. Oyandikana nawo anaseka. Iwo sanaseke, chifukwa anali ndi nzeru yawo, ndipo inali nzeru yabwino. Kuseri kwa mapiri kuli midzi imene msewu wake umasanduka phala mvula ikayamba. Maminibasi amabwerera panjira. Munthu wofika kumeneko ndi mchere, sopo, mafuta ophikira ndi mabatire amatsitsa katundu yense dzuwa lisanafike pamutu, ndipo pobwerera sabwera chimanjamanja, okwera amakhala akudikira ndi matumba awo. Katundu analipo kale, poti akazi awo ali ndi kagolosale kutsogolo kwa nyumba. Chimene chinkasowa ndi miyendo basi.

Mwayi wina unali woti mlongo wa akazi awo ali ndi sikirapu, malo ophwasulirako magalimoto akufa n'kumagulitsa zipangizo zake. Alamu awowo ndi munthu wamimba, woseka ndi thupi lonse. Awiriwa anadziwana ali anyamata, ndipo ndi alamuwo amene anawaonetsa mchemwali wawo koyamba. Ubale wawo unali wa mbale imodzi.

Tsiku lina alamu anawaitana. Anawadutsitsa pakati pa milu ya zitseko ndi maboneti, pansi pali matope akuda a oyilo, mpaka kukafika pa galimoto yofanana ndi yawo ija, denga litaphwanyika ngati chitini chopondedwa.

"Alamu, mwayi wanu uwu," anatero mwini sikirapu akumenya tayala ndi phazi. "Inagubuduzika, koma pansi ponse ndi pamoyo. Tengani madifu onse awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo. Anabadwira limodzi amenewa."

Difu ndi chitsulo chonga dzungu chimene chimakhala pakati pa matayala awiri. M'kati mwake muli mano amene amalandira mphamvu ya injini n'kuzungulitsa matayalawo. Galimoto ya m'tchire imakhala ndi awiri.

A Ndionekaye analowa pansi, nagogoda, nanunkhiza oyilo wake. Sanapeze cholakwa. Koma kusapeza cholakwako n'kumene kunawavuta. Nanga munthuyu akuumiriranji kuti onse awiri? Wamalonda akati tengani zonse, ndiye kuti china mwa izo akufuna chimuchoke.

"Nditenga yakutsogolo," anatero akudzisasa fumbi. "Yakumbuyo ndikaganiza."

"Muganiza chiyani? Ili pomwepa!"

"N'chifukwa chake ndikufuna kuganiza."

Alamu anaseka mpaka kugwira bondo. "Inu tsiku lanu lomaliza mudzadzuka m'bokosi kuti muone ngati misomali yake ndi yatsopano."

Difu yakumbuyo anakaigula kutsidya lina la tauni, kwa munthu amene sanamuonepo. Inali yoyera kuposa ya alamu ija, ndipo mabawuti ake analowa m'mabowo ngati anayezera. Anabwera nayo pawilibala akuimba kamluzu.

Chilimwe chonse anakhalira pansi pa galimoto. Chitseko chimodzi chinali chobiriwira, china choyera, boneti yofiira, chilichonse kwa mwini wake. Akazi awo ankapeza mabawuti atanyikidwa m'beseni lochapira.

"Bambo, ine ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndi mapazi?" ankafunsa, poti kutacha mpaka kuda ankangoona mapazi atatulukira pansi pa galimoto.

"Pirirani, mayi. Mudzakwera kutsogolo."

Tsiku limene injini inalira, nkhuku zinathawira kwa aneba. Pamsewu wa tala galimoto inkayenda bwinobwino, chifukwa patala imakoka ndi matayala akumbuyo okha. Akutsogolo amalowa ntchito pokhapokha dalaivala akakoka kandodo kakang'ono ka pambali pa giya.

Mvula itagwa, anapakira katundu wa m'golosale n'kunyamuka okha kukayesa. Atafika pamatope anakoka kandodo kaja. Galimoto inasambira ngati nkhumba, madzi akuthovukira uku ndi uku, iwo akumwetulira okhaokha. Kutsogolo kwa matopewo kuli chitunda cha miyala, cholimba gwa. Atangoyamba kukwera, galimoto inayamba kudumphadumpha, matayala akulira, chiwongolero chitauma. Kenako pansi panamveka kuti phwa! Atasuzumira anapeza shafuti, chitsulo chachitali chopereka mphamvu ku difu yakutsogolo, itathyoka polumikizira. Shafutiyo inabwera pamodzi ndi difu ya alamu.

Anabwerera ndi katundu yense. Alamu atamva anapukusa mutu, natulutsa shafuti ina.

"Tengani, musalipire. Mwina inali ndi mng'alu."

A Ndionekaye anailandira, koma m'njira monse ankaitembenuza. Yaulere? Wamalonda amapatsa chaulere mtima ukamamutsutsa. Anaimanga, napitanso, ndipo pachitunda chomwecho inathyoka mofanana.

Apa mutu wawo unayamba kulumikiza zinthu. Anakumbukira kuti alamu ankafunsitsa za midzi ija, kuti sopo amayenda bwanji kumeneko, okwera amachuluka tsiku liti. Anakumbukira kuti kuseri kwa sikirapu kuli kalole kamene alamu ankakakonza mwakachetechete. Anakumbukiranso kuseka kuja. Chilichonse chinagwera pamalo pake. Munthuyu akufuna msewuwo ukhale wake!

Anafika kusikirapu m'mawa, nthawi imene amakaniko amadzaza kudzafuna zipangizo. Anaponya shafuti yothyokayo pamapazi a alamu awo.

"Kawiri!" anakuwa. "Mwandigulitsa zitsulo zakufa mukudziwa, kuti ndigwe inu mulowe. Anthu inu, muziyang'anitsitsa zimene mukugula pano. Ngati wachita izi kwa mwamuna wa mchemwali wake, inu ndinu ndani? Wakuba uyu!"

Makaniko wina amene anali atanyamula sitata anaibweza pansi pang'onopang'ono. Alamu sanaseke. Anatola shafutiyo, naiika pambali, n'kulowa mushedi.

Nkhani inafika kunyumba iwo asanafike. Anapeza akazi awo atatseka golosale, chikwama chili m'manja.

"Mwatcha achimwene anga wakuba pamaso pa makasitomala awo?"

"Ndanena zimene ndaona."

"Mwaona chiyani? Inu oona kaye, lero mwaona chiyani? Chitsulo chothyoka basi?" Anaponya kiyi wa golosale m'chikwama. "Ndili kwa achimwene. Mukapeza umboni woti anakuberani, mudzanditenge, ndidzawatukwana ndekha. Mukapanda kuupeza, muzigona ndi galimoto yanuyo."

Nyumba inakula. Ana anali atachoka kale kukakhala kwaokha, ndiye munalibe ngakhale wowafunsa ngati adya. A Ndionekaye sanakayike kuti umboni ulipo, ndipo ukapezeka mayi abwerera. Anapeza shafuti ina kwa munthu wachitatu, naimanga, kenako anajeka galimoto yonse n'kuikhazika pamiyala, matayala anayi onse ali m'malere. Ankafuna kumva pamene difu ya alamu ikugwira. Anakoka kandodo kaja, najambula mzere wa choko pansi pa tayala lililonse kuti aone bwino, n'kuyamba kuzungulitsa shafuti ndi manja.

Difu ya alamu sinagwire paliponse. Inkazungulira mofewa ngati yathiridwa mafuta dzulo. Koma atatuluka pansi anaona china. Mizere ya matayala akutsogolo inali itazungulira n'kubwerera pansi, pomwe ya akumbuyo inali isanafike. Anafufuta, najambulanso, nazungulitsanso. Chimodzimodzi. Akutsogolo ankathamanga, akumbuyo ankatsalira.

Dalaivala wakale safuna womuuza tanthauzo la zimenezi. Komabe anamasula madifu onse awiri n'kuyerekeza mano ake. Sanali ofanana. Kunja madifuwo anali ngati mapasa, koma yakumbuyo inachokera ku mtundu wina wa galimoto yomweyo, wa injini ina. M'matope matayala ankaterereka, ndiye kusiyanako sikunkaoneka. Pamiyala palibe kuterereka. Kutsogolo kunkakoka, kumbuyo kunkakana, ndipo shafuti ya pakati ndi imene inkalipira mlandu.

Anakhala pansi atatsamira tayala. Anayesa kuukankhira mlandu kwa wogulitsa wa kutsidya uja, koma munthuyo anawapatsa chimene iwo analoza, ndipo chinali chamoyo. Anayesa kuganiza kuti alamu akanawachenjeza, koma mawu aja anawabwerera m'makutu: tengani onse awiri. Anafufuza wakuba pabwalo lonse, ndipo pabwalopo panali iwo okha ndi nkhuku.

M'mawa mwake anavala malaya oyera n'kupita kusikirapu. Anthu anali ochepa kusiyana ndi kale, ndipo zimenezi zinawalasa. Akazi awo anali atakhala pampando wa galimoto woikidwa pakhomo la shedi, akusenda lalanje. Sanadzutse mutu.

"Alamu," anayamba motsitsa mawu, "tingalowe m'kati tiyankhule?"

"Munanditukwanira m'kati?"

A Ndionekaye anatembenukira kwa amakaniko amene analipo, navula chipewa.

"Abale, zimene ndinanena pano zinali zabodza. Zitsulo za bambowa zilibe vuto. Ndine ndinasakaniza madifu a magalimoto awiri. Anandiuza kuti nditenge onse, ine ndinakana. Mukauzenso anzanu amene analipo tsiku lija."

"Kwezani mawu, achikulire, wodula zitsulo ndi galainda uyo sanamve!" anatero makaniko wina, ndipo anthu anaseka. A Ndionekaye anabwerezanso mokweza.

"Ndamva," anatero alamu. "Ndiye mukufuna chiyani?"

"Difu yakumbuyo ija, ngati ikadalipo."

"Ilipo. Koma inu sindikugulitsaninso kanthu, ngakhale washala ya pabawuti. Mawa ingadzachite dzimbiri n'kukhala mlandu wanga." Analoza mchemwali wawo ndi chibwano. "Ndampatsa uyu. Ndi yake. Mukambirane naye."

Mayiwo anamaliza lalanje lawo kaye, napukuta manja.

"Ndikubwerekani, bambo," anatero. "Koma mumve bwino. Difu ikakhala yanga, matayala akumbuyo ndi anga, ndipo zonse zokhala pamwamba pake ndi zanga. Katundu ndisankha ndine, okwera ndikweza ndine, ndipo ulendo uliwonse ndilipo. Inu zanu ndi chiwongolero."

"Galimoto ndinaivutikira ndekha chilimwe chonse!"

"Ndiye iyendetseni ndi theka lanulo."

Madzulo a tsikulo golosale inatsegulidwa, ndipo difu inafika pakhomo pa kalole ka alamu kaja, kamene kanali kongonyamulira zitsulo. Alamu sanatsike, koma pochoka analiza hutala kawiri.

Patapita masiku ochepa, chigalimoto cha zitseko zosiyana mitundu chinadutsa matope aja, mayi ali pampando wakutsogolo, makatoni atadzaza kumbuyo. Chitafika pachitunda cha miyala, a Ndionekaye anagwira chiwongolero mwamphamvu, khutu lili pansi. Sipanamveke kanthu. Galimoto inakwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba, pomwe madenga a midzi ija anayamba kuoneka, ndi anthu ataima m'mbali mwa msewu akukweza manja.

Mtima unakhala pansi, koma mutu sunagone. Mawu aja a matayala akumbuyo anatuluka mosalala kwambiri pakamwa pa mayi. Anawakonza liti? Ali kwa achimwene awo, kapena kale, galimoto ikadali pamiyala? Anawaba ndi diso la m'mbali, kenako anasuzumira pagalasi kuyang'ana makatoni aja.

"Yang'anani kutsogolo, bambo," anatero mayiwo osatembenuka n'komwe. "Kumbuyoku kuli eni ake."