Tsiku lomwe ndinapititsa Malawi ku chikho cha dziko lonse

Ndinanamiza nkhalamba, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kubisa nkhope.

Munali mu 2010, ndikugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Rotherham, m'dziko la England. A Harold, omwe ndinkawameta ndevu m'mawa uliwonse, ankakonda kundisimbira za 1966, chaka chomwe England inatenga chikho cha mpira cha dziko lonse. Tsiku lina, thovu lili mbuu kumasaya, anandifunsa ngati Malawi inapitako kumpikisanowo.

"Eya, kamodzi," ndinayankha osaphethira n'komwe.

Ndinkati pofika madzulo akhala ataiwala. Munthu woiwala pomwe wasiya mano ake oikirira, koma izi ayi! Anauza anzawo onse kuchipinda chodyera, n'kumandifunsa kuti chinali chaka chanji. Ine ndinkangoti ndinali mwana.

Mu Juni, mpikisano wa dziko lonse uja uli m'kati, tinaonera limodzi England ikukanika kuchinya Algeria. A Harold anapukusa mutu. "Uwaitane anyamata ako aja adzatiphunzitse mpira."

Manyazi anandigwira. "A Harold, ndinakunamizani. Sitinapiteko olo kamodzi. Koma Algeria yomweyi tinaichinya zigoli zitatu kwa duu mu Januwale, pa chikho cha Africa."

"Zitatu?" Anandiyang'anitsitsa. "Unali ndi nkhani yoona yokoma chonchi, iwe n'kumandidyetsa bodza lopanda mchere?"

Kenako anandilozera mpando wa pambali pawo. "Khala pansi, mwanawe. Ifenso chidikirire kuyambira 1966. Tizidikira limodzi."