Fayilo ya Maliro a Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga anamwalirira ku Joni chaka chija malire anatsekedwa chifukwa cha mliri, ndipo anaikidwa konko. Amayi sanaone nkhope, sanaone bokosi. Tinakhuza maliro opanda mtembo kwathu kwa Kanduku, anthu n'kubalalika, amayi n'kungoti zii. Akatsegula pakamwa mawu anali amodzi omwewo: "Ndikanangoona pamene anamugoneka, mtima ukanakhala m'malo."

Misewu itatsegulidwa, dalaivala wina wa thiraki anandisiyira kafulashi pa Boma, kokulunga m'pepala la shuga. Amalawi anzake a malemuyo anali atajambulitsa mwambo wonse, ndiye anati banja lione.

Ine ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa Boma pomwepo, ndipo kumudzi amanditenga ngati amene ndinapanga kompyuta. Ndisaname, ulemu umenewo ndinkaukonda. Ndinatumiza uthenga kuti Loweruka aliyense abwere, adzaone maliro. Fulashiyo sindinaiyese n'komwe, ndinangoiponya m'thumba la malaya.

Loweruka nyumba inadzaza. Amalume anabwera pa kabaza kuchokera ku Thambani atavala jekete, alamu anga ofedwawo anakhala pamphasa ndi ana, azimayi a mvano anadzaza mpaka pakhonde. Tivi tinabwereka kwa aneba, batire la sola n'kulisenzera pa wilibala. Ndinalowetsa fulashi. Tivi inati mulibe kanthu. Ndinazula, kuuzira, kulowetsanso. Mulibe kanthu.

Ndinatulutsa laputopu ya kuntchito mochita kudzikoka. Fayilo inalimo ndithu, imodzi, yaikulu, koma yoyera mbee ngati pepala losalemba, dzina lake lothera ndi zilembo zitatu zomwe ndinali ndisanazionepo: daa. Ndinaidina, inakana. Ndinasintha dzinalo kuti lioneke ngati la filimu, poganiza kuti ndiipusitsa, inakanabe. Thukuta linali kamukamu, anthu akundiyang'ana kumsana.

"Kapena nayonso ikufuna pasipoti?" anatero amalume. Ena anaseka chamumtima, ena mokweza. Amayi sanaseke. Anamanganso mpango wawo, nati, "Asiyeni, ayesetsa," n'kutuluka kukamasula mbuzi. Mawu amenewo anandipweteka kuposa chipongwe cha amalume. Ndinasowa poika nkhope.

Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndiye Lolemba ndinazungulira onse oberna nyimbo m'zimbale pamsika wa pa Boma. Wina anati ndi vairasi, wina anati fulashi ndi yabodza, wina anafuna kuifufuta kuti aone ngati ili bwino, ndipo ndinachita kumulanda m'manja ndi mawu omwe sindingawalembe pano. Ndinabwerera ku ofesi, kugula bandulo, n'kuyamba kuwerenga ndekha pa intaneti.

Nkhani yake inali yotere. Wojambula wa ku Joni uja anatenga chimbale chonse cha dividi n'kuchipanikiza kukhala fayilo imodzi, ngati mmene amapanikizira zovala m'belo la kaunjika, kuti chikwane m'kafulashi. Koma mamangidwe a belolo ndi a kampani ina yake, ndipo chomasulira ndi pulogalamu yawo yomweyo. Ndinaitsitsa yaulere yoyesera. Inaiona fayiloyo, inandionetsanso mayina a zomwe zinali m'kati, koma nditati isinthe, inandiuza mwaulemu kuti fayilo yakula, ndigule kaye pulogalamu yeniyeni ndi khadi la kubanki la mtundu womwe ine ndilibe. Ndinamenya tebulo. Mng'ono wanga ali m'katimo, ine ndikuona chitseko, ndiye mlendo wosaoneka n'kumandiuza za khadi.

Pambuyo pake ndinapeza kapulogalamu kena kakang'ono, kolembedwa ndi munthu wongothandiza anzake, kopanda zithunzi, kawindo kakuda bii. Ntchito yake ndi imodzi: kumasula fayilo ya mtundu umenewu n'kuisandutsa ISO, mtundu womwe chobernera chilichonse chimaudziwa. Ndinakalozera fayiloyo, manambala anayamba kuthamanga, magetsi sanazime, ndipo pomaliza panabadwa fayilo yachiwiri. Ndinaberna chimbale. Ndinaona poyambira pokha, anthu ovala zotchinga kukamwa akutsitsa bokosi m'galimoto, n'kutseka msanga. Ndinadziuza kuti ntchito yatheka. Chilungamo chake n'choti ndinaopa kuonera ndekha.

Ulendo wachiwiri sindinaitane gulu. Panali amayi, amalume, alamu ndi ana, basi. Tinabwerekanso tivi ija ndi dividi yake, chimbale n'kugwira kamodzin'kamodzi. Amalume anati, "Eya, ndiye sukulu imeneyi," ine n'kukhala tsonga pampando, rimoti m'manja, ulemu wanga utabwerera.

Manda ake anali achilendo, audzu wometa, opanda mtengo wamthunzi. Anthu anali ochepa koma anaimba bwino, nyimbo zathu zomwe. Amayi anasendera pafupi ndi tivi mpaka maondo kugunda tebulo. Abusa atapemphera, bambo wina wadazi, wotsogolera mwambo, anaima pamutu pa dzenje nati mwa Chichewa chakwathu: "Tisanakwirire, mwambo wathu umafuna mawu a kubanja. Abale sanathe kubwera, koma tiimbira akulu ake kumudzi, atsanzikane ndi m'bale wawo."

Anakweza foni m'mwamba, naitsegula kuti onse amve. Wojambula anayandikitsa kamera, ndipo nambala yomwe inali pagalasipo inali yanga.

Foniyo inayankha kuti nambala sikupezeka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anthu anaima ndi mafosholo m'manja, akudikira. Ine tsiku limenelo ndimalikumbuka bwino. Ndinali nditaizimitsa, chifukwa mafoni a anthu opepesa anali atanditopetsa, ndipo ndinkafuna kugona pang'ono masana.

M'nyumba mwathu amalume anayang'ana pansi. Alamu anakokera mwana wamng'ono pachifuwa. Ndikanatha kudina rimoti kuti zidutse, koma sindinadine. Bambo wadazi uja anatsitsa foni, nayang'ana m'kamera ngati akutiona, nafunsa, "Palibe aliyense wa kubanja?"

Amayi anagwira tebulo, naimirira pang'onopang'ono, nakonza chitenje chawo.

"Tilipo, bambo," anatero kuyankha tivi. "Ndine mayi wake. Zikomo potiikira mwana."

Kenako anatembenukira kwa ine. Sanali okwiya, ndipo bola akanakwiya.

"Dzukani, akulu ake. Akuitana inu."

Ndinadzuka. Ndinaima pamaso pa tivi yobwereka mpaka bambo uja anagwedeza mutu, nauza anyamata kuti ayambe kukwirira.