Tiyi wa M'chimbudzi cha a Kinue

A Kinue Mizutani ndi mayi wosadziwa kukhala pansi. Chikwatiwire kuno ku Inazawa akhala akumezanitsa mbande za mitengo pa nazale ya amuna awo, a Shozo, mpaka zala zinauma gwa. Pakamwa napo sipapuma. Amakalipira mbande, amakalipira mphaka, koma makamaka a Shozo, amene moyo wawo wonse amangoyankha kuti, "Eya, mayi."

Chaka chatha a Shozo anagwa m'munda, dzanja ndi mwendo wakumanja n'kufa. Atapezako bwino, achipatala anati angathe kupita kwawo, koma mwiniwake anakanitsitsa.

"Chimbudzi chathu n'chonjuta," anatero. "Muzindinyamula, muzindipukuta ngati khanda? Ayi, mayi. Bola andipititse kunyumba ya okalamba."

Mawuwo anawalasa mtima a Kinue. Analira m'basi njira yonse, koma potsika anali atadziwa kale chochita. Anaitana amisiri, chakale chija n'kuchigumula. M'malo mwake munalowa choyera mbee, chamagetsi, cha mpando wofunda, chokhala ndi kampope kotsuka munthu ndi madzi ofunda ndiponso kamphepo koumitsa. Mabatani analamula kuti awaike kukhoma lakumanzere, pamodzi ndi chitsulo chogwirira. Amisiriwo anaona zakuda, chifukwa mayiwo ankawaima pamsana tsiku lonse.

Tsono kwathu kuno chimbudzi chatsopano sachiyamba chisawawa. Anansi amayamba amweramo tiyi, kenako eni ake n'kumachigwiritsa ntchito. A Kinue anapirira, n'kumakapempha chimbudzi kwa a Teruko, mnzawo wa nyumba yoyandikana nayo, kudikira Lamlungu limene achipatala analola kuti a Shozo adzacheze mpaka madzulo.

Tsikulo nyumba inadzaza. A Kinue ankangoti uku atakasa tiyi wobiriwira, uku agawa makeke a nyemba zotsekemera, nkhope ili ngwee. Woyamba kulowa m'chimbudzimo anali a Teruko, kapu ili m'manja. Atangoponda pakhomo, chivundikiro chinadzitsegula chokha pang'onopang'ono, ndipo iwo mosaganiza anawerama kubweza moni. Anthu anafa nacho chiseko.

"Musaseke inu," anatero a Teruko. "Chili ndi ulemu kuposa mpongozi wanga chimenechi."

"Tsekani chivundikirocho mukhalepo, mumwe mutuluke," anatero a Kinue. "Kapena mukufuna tikuyalireni momwemo?"

"Mmene mukufundiramu? Ndikubwera ndi bulangete langa."

Analowa mmodzimmodzi, aliyense potuluka akuyamikira. A Shozo anangokhala pampando wawo wamatayala. A Kinue ankaseka ndi alendo, koma maso ali pa wotchi, pakuti galimoto ya chipatala inali kubwera madzulo omwewo kudzatenga a Shozo.

Pomalizira inafika nthawi ya mwini nyumba. Anadzuka ndi ndodo, akukoka mwendo, nalowa. Anamwa tiyi wawo, kapu n'kupatsira akazi awo.

"Tsekani chitseko, mayi."

"Ndikuthandizeni kaye lamba, bambo."

"Ndati tsekani. Inuyo mukhale kunja."

A Kinue anatseka. Alendo onse anatchera khutu, ena n'kumayang'ana kudenga ngati sakumvetsera. Munamveka kugunda kwa ndodo, kenako bata lalitali, moti a Kinue anagwira chitseko kufuna kutsegula, a Teruko n'kuwakoka malaya. Ndiye kunamveka kampope kaja kakuti tsiii, kamphepo n'kutsatira, kenako madzi akugujumuka.

Chitseko chinatseguka. A Shozo anatuluka thukuta lili kamukamu, malaya atapisira mbali imodzi, koma lamba atamanga okha.

"Bwanji, bambo?" anafunsa a Kinue.

"Mpandowu mwautenthetsa kwambiri," anatero a Shozo. "Mawa m'mawa muchepetseko ndisanalowe."

A Kinue anayamba kuyankha kuti mabataniwo ali nawo pafupi ndi iwowo, achepetse okha, koma anaima pakati. Mawa m'mawa! Misozi ya chimwemwe inayamba kugwera m'kapu muja. Anakankha a Teruko panjira, nathamangira ku foni kukauza achipatala kuti galimoto ija isavutike kubwera.