Chibwabwa pa Sola ya Atate

Ndikukumbukila Nyimba ya masiku a chipani chimodzi, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kunkatentha moti mbuzi zinkayenda ndi miyendo itatu, wachinayiwo ukupuma. Wotsutsa sanakhaleko.

Atate, a Mwanza, ankakonza njinga ndi mawailesi. Kachipatala ka kwathu katalandila sola yoyendetsa filiji ya katemela, iwo ndiwo anaikweza pa nsanja kuseli kwa kachipatalako, nakhala oiyang'anila. Mtima wawo wonse unali pa chilolezo cha ku boma, choti aziika masola m'zipatala zina. Pempho lawo linagona ku Petauke mpaka chiswe cha mu ofesimo chinaphunzila kuwelenga. Kenaka uthenga unafika: Lachisanu kubwela woyendela kudzaona nchito yawo.

Lachitatu, atate ali ku malilo ku Msanzala, amai anandituma kukayanika chibwabwa chofutsa, masamba a maungu. Pansi panali nkhuku, pa denga mbalame. Ndinaona galasi lakuda la pa nsanja ija, losalala, lotentha, likungoyang'ana kumwamba ngati lova. Ndinakwela n'kuyala masamba mpaka m'makona, mawa lake n'kuonjezela ena. Anauma bwino zedi. Ndikulumbila, fungo lake linaimitsa basi ya ku Chipata.

Woyendela uja ndi atate anafika nthawi imodzi. Anapeza batile itafa, filiji ikutuluka thukuta, katemela ataonongeka. Munthuyo anafunsa kuti wachita izi ndani. Ine ndinali kumbuyo kwa atate, lichelo lili m'manja. Atate sanacheuke.

"Ndine, bambo. Ndinamanga nsanja, koma sindinauze ana kuti n'chiyani."

Woyendela anatseka buku lake. Chilolezo sichinatuluke chaka chimenecho, ngakhale china chilichonse, ndipo atate anabwelela ku machubu a njinga. Sabata yathunthu ndinadikila chikwapu nditavala madilesi atatu. Sichinabwele. M'mawa wina anangondigwila dzanja n'kukandionetsa waya uliwonse, kumene uchokela ndi kumene upita, modekha ngati akundionetsa achibale.

Lelo nchito yanga n'kuona mapempho a oika masola. Zaka zambili ndinkati atate ananama kuti anditeteze. Tsopano ndikuona kuti ankakhulupililadi zimene ananenazo: kwa iwo, nchito imene ana a pamalopo sakuidziwa inali isanathe. Anthu oganiza motelo ndi amene ndimafuna kuwapatsa chilolezo, ndipo ndimawapeza apo ndi apo. Ndasaina mapepala osawelengeka, koma pempho la atate, limene dzanja langa limayembekezela, silidzafika pa tebulo langa.